Tenti Imene Sindinaimike

1

Mkazi wanga anayamba kundikana m'mwezi wa Okutobala, chaka cha 1972. Tinali tangotha zaka ziwiri m'banja, mwana tinalibe, ndipo ine ndinkamukonda Elenala mwa njira imene sindinkatha kumuuza ngakhale iye mwini.

Dzina langa ndine Saulos. Nthawi imeneyo ndinali woyang'anira kampu ina m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kumpoto pang'ono kwa doko la Kachulu. Sinali kampu ya nyumba ayi. Kanali kankhalango ka mithethe ndi mikuyu kothera m'madzi, ndipo ankabwerako anali azungu a kalabu ina ya ku Zomba, osaka abakha ndi oonera mbalame. Kunalibe mpopi, kunalibe magetsi. Kunali chimbudzi chokumba, migolo ya madzi, kanyumba kosungiramo matenti, ndi nyumba yathu yaudzu chakumapeto. Lachisanu ndinkaimika matenti, kukumba ngalande kuzungulira iliyonse, ndi kutema nkhuni. Lolemba ndinkagwetsa, kuyanika ndi kupinda. Anandisankha chifukwa ndinaphunzirako sukulu ya madzulo ku Zomba ndili wantchito wa m'nyumba, choncho Chingerezi chawo ndinkachimva.

Poyamba Elenala anati mutu. Kenako anati msana. Kenako sananenenso kanthu, anangoyala mphasa yakeyake kukhoma.

M'mawa wina ndinamupeza akusesa pabwalo.

"Elenala, ndakulakwira chiyani?"

"Palibe, bambo."

"Nanga bwanji ukugona ngati mlendo m'nyumba mwako momwe?"

Anaimika tsache, maso ali pansi. "Ndipirireni pang'ono. Zitha posachedwa."

"Chitha n'chiyani?"

"Madzi a tiyi awira," anatero, n'kulowa m'khitchini.

Ndinazisiya pomwepo. Ine si munthu wothamangira kuweruza, ndipo masiku amenewo ndinkanyadira khalidwe limeneli.

2

Kenako zinthu zinayamba kusowa. Sopo, shuga, bulangete langa lakale. Ndipo tsiku lina polowa m'kanyumba kosungira katundu ndinapeza tenti imodzi palibe. Inali tenti yakale yobiriwira, yazigamba, imene azungu anaitaya kalekale, ife n'kumayanikirapo ufa.

"Ndinabwereka amayi ena a ku Likangala," anatero Elenala. "Akuyanikirapo mpunga."

"Mpunga mwezi uno?"

"Ku sikimu ya mthirira amakolola kawiri, inunso mukudziwa."

Zinali zomveka. Koma masana aliwonse, dzuwa likuswa mtengo, iye ankatenga nkhwangwa kuti akukatola nkhuni, n'kubwerako mochedwa ndi timitengo tosakwanira kuwiritsira phala.

Amene ananditsegula makutu ndi mayi Mwanabibi, ogulitsa matemba pa Kachulu, munthu wa pakamwa posatseka. Atandiona ndikutsika panjinga anakuwa anthu onse akumva.

"Abwana a matenti! Mwadzagula nsomba? Ine ndimayesa kwanu zimabwera zokha masiku ano!"

"Mukutanthauza chiyani, mayi?"

"Funsani Che Sumaili. Bwato lawo laiwala njira ya padoko pano. Makoka ali kuno, ogula ali kuno, koma iwo masana aliwonse ulendo m'mabango a kwanu. Kaya mlamba wa kumeneko ngwonona bwanji!"

Amayi onse a pamathandala anaseka mpaka kugwirana mapewa.

Sumaili anali msodzi, wamkulu pang'ono kwa ine, wa banja lake. Ndiye ankanyamula azungu pabwato kupita nawo kumene kumatera abakha. Ankadya kwathu. Njinga imene ndinakwera tsikulo ndi iye anandiongolera mkombero.

Ndinabwerera kunyumba osagula kanthu.

3

Lolemba, azungu atapita, Elenala anatenga nkhwangwa yake. Ine ndinasiya matenti padzuwa, n'kumulondola chapatali, chikwanje chili m'manja.

Anadutsa malire a kampu, n'kulowa kumene nkhalango imawirira, kumalo amene ngakhale otola nkhuni safikako chifukwa cha udzudzu ndi minga. Kuseri kwa mkuyu waukulu, pafupi ndi mabango, ndinaiona tenti yanga.

Munthu amaona ndi maso a ntchito yake. Ndinaona kuti zikhomo anazikhoma zowongoka m'malo mozipendeketsa, ndipo ngalande panalibe. Ndinaonanso mfundo za zingwe. Sizinali mfundo zanga. Zinali mfundo zimene asodzi amamangira makoka. Pamkuyu panatsamira nsungwi yaitali yokankhira bwato, yomangidwa mphira wofiira kumutu. Nsungwi imeneyo ndinkaidziwa.

Ndinagwada kuseri kwa chitsamba. Elenala analowa mu tenti. Patapita nthawi anatuluka ndi beseni, nakhuthula madzi patchire. Pomwepo Sumaili anatulukira kumbuyo kwa tenti, namupatsa kaphukusi. Ankalankhula motsitsa, koma mphepo inkachokera kunyanja, ndipo mawu anandipeza.

"Tisachedwenso. Anthu ayamba kulankhula padoko. Lachinayi tiwoloke," anatero Sumaili.

"Lachinayi lafulumira."

"Tikadikira atigwira. Nanga amuna anu?"

"Ndiwatuma ku Zomba akagule palafini. Pobwera adzapeza zonse zatha."

"Sakukayikira?"

"Munthu ujatu ngwabwino mtima. Koma asadziwe. Ndapota nanu, asadziwe."

Ndinayang'ana chikwanje chili m'dzanja langa, ndipo ndinachita mantha ndi dzanjalo. Kutsidya kwa Chilwa ndi ku Mozambique. Mkazi wanga ankafuna kuwoloka ndi mnzanga, ine ndili pamzere wa palafini.

Ndinabwerera chafutambuyo. Ndinadziuza kuti ine si chinyama. Sindimenya munthu, sindikhetsa mwazi. Nkhani ya banja ili ndi eni ake, ndipo ndichita monga mwambo umanenera. Ndipita kwa ankhoswe.

4

Nkhoswe yanga inali atsibweni anga, a Edwadi, mlongo wawo wa malemu mayi anga. Analinso tcheyamani wa nthambi ya chipani kwathuko, ndipo chaka chimenecho anali otanganidwa. Inali nyengo imene anthu a mpingo wina woletsedwa, okana kugula makadi a chipani, ankawasaka mudzi ndi mudzi. Nyumba zinkapsa. Mlongo wanga Ruth anakwatiwa mu mpingo umenewo, ndipo atsibweni analumbira pamsonkhano kuti akadzamupeza adzamupereka ndi manja awo, anthu aone kuti iwo sakondera magazi. Ife tinamva kuti Ruth ndi mwamuna wake anathawa kale m'dziko muno. Dzina lake sitinkalitchula. Ine ndinali nditamuuza Elenala kuti anthu amenewo asadzaponde pakampu, ntchito ingandithere.

Ndinawapeza pakhonde akusenda nzimbe. Ndinafotokoza zonse.

"Akukana mphasa?" anafunsa.

"Inde."

"Ndiye wafuniranji umboni wina? Mkazi woyenda ndi mwamuna wina amaopa kugona ndi mwamuna wake, angamusemphe n'kumudwalitsa. Ameneyo akukusunga ndi moyo kuti uzimugulira sopo." Analavula zikhungwa za nzimbe. "Sukulu yako yausiku ija sinakuphunzitse zimenezi?"

"Mwina tiitane ankhoswe a kwawo, tikambirane."

"Tikambirane chiyani? Akana, alira, iwe n'kusungunuka. Ndimakudziwa. Wachigololo amagwidwa pamphasa. Mawa masana tipita."

"Ife awiri?"

"Ndi anyamata anga awiri. Msodzi ndi munthu wa mapewa, ine ndakalamba."

Sindinafune anyamatawo. Ndinkawadziwa ndi zibonga zawo. Koma atsibweni akanena, ine sindinkadziwa poyambira kukana.

Madzulo a tsikulo Elenala anandiphikira makumba, nsomba imene ndimaikonda. Anakhala pambali n'kumandiyang'ana ndikudya.

"Bambo, palafini watsala pang'ono. Lachinayi mukadapita ku Zomba."

"Ndipita," ndinatero.

5

Lachitatu kunatentha kuposa masiku onse. Nyenje zinkalira m'mithethe mpaka makutu kuwawa. Ine ndinali patsogolo, atsibweni pambuyo ndi chipewa chawo, anyamata awiri aja akudandaula za minga.

Titaiona tenti, atsibweni anaima.

"Mwini mkazi ndiye amatsegula. Ife tiima pano. Ukaona, ukuwe."

Ndinayenda ndekha. Ndinagwira chinsalu cha pakhomo, n'kuchikweza, n'kulowetsa mutu.

Munkanunkha utsi, thukuta ndi mkaka. Elenala anali chogwada, akufinya kansalu m'beseni. Pabulangete langa lija panagona mkazi wowonda, milomo yosweka, pachipumi pali bala losapola. M'khwapa mwake munali khanda lofiira, lamasiku ochepa.

Mkaziyo anatsegula maso.

"Achimwene," ananong'ona.

Anali Ruth.

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Tenti imene ndinkaiyesa nyumba ya chigololo inali chikuta, mobindikira mayi ndi khanda lake. Ndipo ine ndinali nditabweretsa pakhomo pake munthu amene analumbira kumupereka.

"Saulos!" anakuwa atsibweni. "Waona chiyani? Tibwere?"

Elenala anasuzumira pa kabowo ka chigamba. Anaona chipewa, anaona zibonga. Kenako anandiyang'ana ine. Kufikira lero ndimalakalaka akanangonditukwana.

Anatenga khanda lija n'kulikanikiza pa bere la Ruth. Anavula duku n'kusokoneza tsitsi lake. Anagwira bulauzi yake pakhosi n'kuing'amba mpaka m'chiuno. Kenako anandikankha pachifuwa ndi mphamvu zake zonse, ine n'kukodwa m'chingwe n'kugwa chagada panja, iye n'kutuluka pambuyo panga akukuwa.

"Inde! Mwandigwira! Ndipheni! Ndipheni pompano!"

Atsibweni ataona mpongozi wawo ali chifuwa pamtunda anatembenuka msangamsanga, naphimba nkhope ndi chipewa.

"Aaa! Malaulo! Valani, mayi inu, valani!"

"Mwamunayo ali kuti?" anafunsa mnyamata mmodzi.

"Wathawa! Watulukira kumbuyo, walowera uko!" Elenala analoza kumtunda, kumene kuli minda, kutali ndi nyanja.

Mnyamata mmodzi anathamangira komweko. Winayo anabwera molunjika pakhomo pa tenti.

Pomwepo khanda linayamba kulira. Kanali kaphokoso kakang'ono, ngati ka mwana wa mphaka. Elenala anadzigwetsa pansi n'kuyamba kugubuduka m'fumbi, akulira mokweza ngati pamaliro, akumenya nthaka ndi manja, akuitana mayi ake ndi agogo ake amene anafa kale.

Ine ndinadzuka n'kuima pakhomo, chikwanje m'mwamba.

"Iwe, ukalowa umu kuti ukaone mphasa ya manyazi anga, n'kumakaseka padoko, ndikudula. Ndalumbira."

Mnyamatayo anabwerera m'mbuyo. Anali asanandionepo choncho. Inenso ndinali ndisanadzionepo choncho.

"Msiye," anatero atsibweni, nkhope ikadali kumbali. "Taona zokwanira. Saulos, mwamunayo wamuona nkhope?"

Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso. Moyo wanga wonse ndinali ndisanawanamizepo.

"Ndamuona. Ndi Sumaili."

"Basi. Mayi inu, fundani nsalu, tsogolani. Tikakuperekeni kwa eni anu. Iwe Saulos?"

"Nditsala. Ndikufuna ndiiotche tentiyi ndekha."

"Wotcha, mwana wa mlongo wanga. Lero wakhala mwamuna."

Elenala anadutsa pafupi ndi ine, nsalu ili kumutu, fumbi lili m'kamwa. Sanacheuke.

6

Mawu awo atazimiririka, mabango anagwedezeka. Sumaili anatuluka, madzi akumulekeza m'mawondo. Anali m'bwato lake nthawi yonseyo.

"Che Saulos, ndamva dzina langa."

Ndinaponya chikwanje pansi.

"Chabwino," anatero. "Likhale langa. Nyamulani mlongo wanu, Lachinayi lathu lakhala lero."

Ndinamunyamula Ruth ngati mtolo wa udzu. Panjira yaifupi ya kubwato anandiuza mwachidule. Anthu a chipani anagwira mwamuna wake, nyumba anaotcha, iye anayenda m'madambo ali ndi pakati potopa kufuna bwato. Elenala anamupeza atagwa m'nkhalango, ndipo matenda a kubereka anamuyamba tsiku lomwelo. Atachira anataya magazi ambiri, kenako malungo, ndipo sakanatha kuwoloka.

"Alamu anakukanani chifukwa cha mwanayu, achimwene. Anati wosamalira khanda ayenera kukhala wozizira, osagona ndi mwamuna, mwana angatupe. Ine ndinawauza kuti kwathu kumpingo sitiopa zimenezo. Iwo anati mwana ameneyu wavutika kale mokwanira."

Tinamugoneka pansi m'bwato, khanda pachifuwa, n'kuwafunditsa ukonde wouma. Sumaili anatsamira nsungwi yake, bwato n'kulowa m'mabango. Ndinabwerera, ndinathira palafini, n'kuyatsa tenti ija, kuti atsibweni aone utsi.

Mlandu unakambidwa sabata yotsatira kumudzi kwa Elenala, kwa Mwambo. Sumaili anabwera yekha, osachita kukamugwira. Anakhala pansi, navomera zonse. Anamulipiritsa mbuzi. Mkazi wake anatenga ana n'kubwerera kwawo, ndipo iye anasamukira kuchilumba cha Chisi, kumene anthu sankamuloza chala kwambiri.

Atandifunsa maganizo anga, ndinati mkazi wanga ndamukhululukira. Atsibweni analavula pansi. Koma akuluakulu a mpingo wathu anaimirira kudzandigwira chanza. Anati munthu wa mtima ngati wanga sapezeka. Elenala anamuimitsa pa mgonero, namuchotsa m'gulu la amayi.

Pobwerera kukampu tinkayenda awiri, ine ndikukankha njinga.

"Bwanji sunandiuze?"

"Inu? Atsibweni anu akakuyang'anani m'maso mumanena ngakhale zimene sanafunse."

"Ndikanabisa."

"Munaona tenti Lolemba. Lachiwiri nkhani inali kale pakhonde pawo." Sanakweze mawu. "Ndinali nanu m'nyumba imodzi. Mukanatseka chitseko n'kundiuza kuti, Elenala, ndaona tenti, sutuluka muno usanandiuze. Ndikanakuuzani. Ndinkafuna wina wondithandiza kusenza. Koma inu munandidutsa ine n'kupalasa njinga kukafunsa munthu wakutali."

"Ndinkaopa kukuweruza molakwika."

"Munandiweruza. Munangosowa mtima wondiuza."

Tinayenda mpaka pamlatho wa mitengo. Pamenepo anaima, nagwira chishalo cha njinga.

"Pali china. Ndinkafuna ndikuuzeni izi zikatha, tili awiri, mukuseka. Ndili ndi pakati. Ndi panu, bambo, mukudziwa kuti ndi panu. Koma tsopano ndani adzakhulupirire?"

7

Luka anabadwa mvula ikutha. Anatenga makutu anga ndi kayendedwe kanga, koma anthu anaona mphuno ya Sumaili. Pachitsime amayi ankamuseweretsa kuti, "Kamsodzi, bwato lili kuti?" Kusukulu anzake ankamutcha Che Luka. Ine anandisankha kukhala mkulu wa mpingo. Alaliki ankanditchula paguwa monga chitsanzo cha kukhululuka, Elenala atakhala pa benchi ya kumbuyo, maso ali pansi.

Mudzafunsa kuti bwanji sitinamuuze mwanayo. Mwana amalankhula. Atsibweni anakhala tcheyamani mpaka ukalamba wawo, ndipo ankamukonda Luka mwa njira yawo, kumamutenga kumisonkhano, kumamuphunzitsa nyimbo. Mawu amodzi okha akanakwanira kuti Elenala, Sumaili ndi ine tikwezedwe galimoto losabwerera. Tinkati akule kaye. Chaka chilichonse tinkati akule kaye.

Tsiku lina, ali mnyamata wa ndevu zoyamba, anabwera kunyumba malaya atang'ambika, wamenyana padoko. Mayi ake anabwera ndi madzi ofunda. Iye anakankha beseni.

"Musandikhudze. Zonsezi ndi inu."

"Luka!" ndinakuwa. "Amenewa ndi mayi ako!"

"Ndikudziwa. Za amayi palibe amakayikira." Ananditembenukira. "Inu ndimakulemekezani, munandilera. Koma chifundo chanu chandilemera. Ndatopa kudya nsima ya munthu amene sindili kanthu kwa iye."

Sabata yomweyo anakwera basi ya ku Limbe.

Zinthu zitasintha m'dziko muno, makadi atatha ndipo mpingo uja utaloledwanso, tinavala zovala zathu za Lamulungu n'kupita kukamufuna. Tinamupeza ku galaja kumene amakonza magalimoto. Anatipatsa mipando, natigulira zakumwa ngati alendo. Ndinamufotokozera zonse monga ndafotokozera inu. Elenala anangokhala, manja ali pamiyendo.

Luka anamvetsera mpaka kumapeto, akupukuta zala ndi kansanza.

"Nkhani yabwino," anatero. "Mwaikonza nthawi yaitali bwanji?"

"Mwana wanga, ndi zoona."

"Masiku ano aliyense anabisapo munthu. Ngakhale aja ankaotcha nyumba akuti ankabisa anthu. Che Sumaili angavomereze?"

"Anamwalira ndi kolera ku Chisi."

"Agogo a Edwadi?"

"Unawaika wekha m'manda. Ndipo iwo sankadziwa."

"Azakhali a Ruth?"

Sitinamve za Ruth chiwolokereni. Sumaili anamusiya m'manja mwa anthu a mpingo wake kutsidya, kenako kunabwera nkhondo ya kumeneko, midzi n'kubalalika.

"Ndiye mboni yanu ndi ndani?" anafunsa Luka. "Amayi anavomera pamaso pa mudzi wonse. Inu munatchula dzina ndi pakamwa panu. Mwamunayo analipira mbuzi. Anthu atatu ananena chimodzi, lero mukuti onse ankanama?"

Elenala anaimirira, nakonza nsalu yake.

"Tiyeni, bambo. Tinanama bwino kwambiri."

M'basi sanalire. Anangotsamira pazenera, ndipo titafika pa Namadzi anandifunsa ngati ndinaona mmene mwanayo wawondera.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, sindikupemphani kuti mundimvere chisoni. Ulemu ndinalandira wochuluka, ndipo wonsewo unali wa mkazi wanga. Ndinkayesa kuti munthu wosakwiya msanga, wosamenya, wotsata njira ya ankhoswe, sangawononge nyumba yake. Ndinaiwononga mwaulemu, ndi mawu ofatsa, chifukwa kunali kosavuta kwa ine kukaneneza Elenala kwa anthu kusiyana ndi kumufunsa funso limodzi lowawa m'maso muli gwa. Ngati muli ndi funso lotero m'nyumba mwanu, amene ali ndi yankho ndi amene mukudya naye.

Koma chimene ndalembera ndi ichi. Elenala maso ayamba kuchita khungu, ndipo galimoto ikaima kumsewu amafunsa kuti watsika ndani. Anthu ambiri amene anathawa zaka zija abwerera. Mwina wina mwa inu anakhalapo m'misasa ya kutsidya ndi mayi wotchedwa Ruth, wochokera kwa Mwambo ku Zomba, wa chipsera pachipumi, amene anafika pabwato la msodzi atafunda ukonde. Ngati ali moyo, muuzeni kuti achimwene ake akadali pafupi ndi Kachulu, ndipo sakuopanso. Ngati anamwalira, mwina anamuuzako mwana wake kumene anabadwira. Luka sangamve ine, sangamve mayi ake, koma mwina angamve ameneyo.

Mwana wa Ruth uja ndi wamkazi, pano ndi wamkulu, mwina ali ndi ana ake. Dzina lake musandifunse. Anawoloka mchombo usanagwe, tisanamutche dzina.